Ndodo Itsogole, Phazi Litsate

Adzukulu anga, inu anyamata amene mwayamba kuzemba mbandakucha ndi mbedza ndi kachitini ka nyongolotsi, ndi inu atsikana amene mumawoloka mutasenza ufa pochokera kuchigayo, takhalani pansi tikambe za madzi a kwathu kuno. Kusambira sindingakuphunzitseni papepala. Chimene ndikufuna chikhazikike m'mitu mwanu n'chakuti dooko limene munadutsa dzulo madzi akulekeza m'akakolo lero likhoza kukumezani, ngakhale lili pa mkuyu womwe uja, njira yake yomwe ija. Madzi amayesedwa mwatsopano tsiku lililonse, ndipo chowayesera ndi ndodo.

Yambani mwadziwa dziko limene mukukhalamo. Dowa ndi Ntchisi ndi dziko lopendekeka. Nsonga ya phiri la Ntchisi ili pamwamba kupitirira mamita 1,600, pomwe Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Mvula yogwa pamwamba pa mapiriwa n'kulowera kum'mawa ili ndi mtsetse wa mamita oposa 1,000 isanafike kunyanja, n'chifukwa chake mitsinje ngati Lingadzi, Chirua, Lifuliza ndi Kaombe imadzaza msanga, kuthamanga, n'kuphwanso msanga. Kumadzulo, cha ku Mponela ndi ku Madisi, dziko ndi lathyathyathya. Kasangadzi ndi timitsinje tinzake timayenda mwaulesi m'madambo popita kukathira mu Bua. Kumeneko madzi sathamanga kwenikweni, koma amabisa matope ndi madziwe. Kum'mawa munthu amakokoloka, kumadzulo amatitimira. Mwana wa ku Nthondo akapita kukacheza kwa azakhali ake ku Madisi asaganize kuti madzi akumeneko akuwadziwa.

Madzi amene amapha anthu ambiri kumapiri kuno ndi a mvula imene iwo sanaione. Pamudzi pali dzuwa lowotcha, amayi ayanika mphale, ana ali m'khwawa kusaka nkhanu, koma kumtunda kwagwa chimvula kwa ola lathunthu. Madzi akewo amafika ngati mlendo wosatumiza uthenga. Choncho musanatsikire mumtsinje m'miyezi ya December mpaka April, diso liyambe lapita kumene mtsinjewo ukuchokera. Kukachita mdima kuphiri, kukamamveka mabingu ngakhale patali, mtsinjewo ndi wodzaza kale, kungoti madziwo sanafike pamene mwaimapo. Mukakhala kale m'katimo, zizindikiro zake ndi izi: madzi oyera ayamba kufiira, pabwera thovu, tizinyalala, mapesi, kenaka nthambi zaziwisi. Mukamva mkokomo wapansipansi, ndiye kuti miyala ikugubuduzika pansi pa madzi. Apo musayambe kupinda chingwe cha mbedza kapena kutola zovala zimene munayanika pathanthwe. Kwerani kumtunda, mbali imene ili pafupi, ngakhale si mbali ya kwanu.

Ndinene zoona, mitsinjeyi siinali yaukali chonchi tili ana. Mapiri anali ndi masuku, mombo ndi tsamba, udzu unali wowirira, ndipo mvula inkayamba yalowa pansi isanatsikire kukhwawa. Mitengo ija inathera m'makala, m'zigafa za fodya ndi m'mauvuni a njerwa, minda yafika pamlomo penipeni pa mtsinje. Kumene kwatsala nkhalango yeniyeni, monga m'nkhalango ya boma ya Ntchisi, pitani mukaone timitsinje take mmene timayendera toyera ngakhale m'dzinja. Kwina konseku madzi amatsetsereka pamtunda wosavala, atanyamula dothi. Dothilo limakwirira dziwe limene munkalidziwa n'kukakumba lina pamene panali posaya. Onjezanipo okumba mchenga: m'chilimwe amasiya maenje pakati pa mtsinje, mvula ikabwera maenjewo amabisika. Nkhalamba ikakuuzani kuti apa m'posaya chifukwa inakulira pomwepa, ilemekezeni, koma ndodo mupisebe.

Kuli anthu ena kutali amene nzeru iyi anaifikitsa pa malangizo olembedwa, ndipo ndimawasirira. M'mayiko ozizira kwambiri monga Canada, Finland ndi Russia, komanso m'chigawo cha Minnesota ku America, nyanja zimaundana pamwamba m'nyengo yachisanu. Madzi amalimba kukhala ayezi, anthu n'kumayenda pamwamba pake, kuboola dzenje, kukhala pampando n'kumawedza nsomba zimene zili pansipo. Pansi pa mapazi awo pali madzi ozizira moti munthu akagweramo amayamba ndi kubanika, ndipo pakapita mphindi zochepa manja amaleka kugwira. Msodzi wakumeneko sakhulupirira maso. Amayenda ndi chitsulo chachitali chosongoka, kumenya patsogolo pake asanaponde. Amaboola n'kuyeza kuchindikala kwa ayeziyo. Nthambi ya boma yoona zachilengedwe ku Minnesota imalangiza kuti ayezi wosakwana masentimita 10 asapondedwe n'komwe, ndipo galimoto yaing'ono imafuna masentimita oposa 20. Miyezo imeneyi ndi ya ayezi watsopano, woonekera mkati. Akakhala woyera, wosakanikirana ndi chipale, mphamvu yake ndi theka chabe, ndiye muyezo umawirikizidwa kawiri. Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti amati munthu aziyezanso akayenda mamita ngati 45 alionse, chifukwa nyanja imodzi yomweyo imakhala yochindikala apa, yopyapyala apo, makamaka pamene mtsinje ukuthira kapena pamene pali kasupe pansi. Mapazi a munthu amene anadutsa dzulo sawatenga ngati umboni. Ife ayezi tilibe, chisanu cha June ku Dowa chimangotilumako zala, koma bodza la madzi ndi limodzi kulikonse: pamwamba pamaoneka chimodzimodzi, kusiyana kuli pansi.

Ndodo yathu ikhale yotani? Ikhale ya mtengo wolimba kapena nsungwi yokhwima, yaitali kupitirira msinkhu wanu, yonenepa moti mukaitsamira ndi thupi lonse isapindike. Bango ndi phesi si ndodo. Mukafika padooko, musavule nsapato msanga. Thyolani kamtengo mukazike m'mphepete penipeni pamene madzi alekezera, mukhale pansi pang'ono. Mukakapeza kamira, mtsinje ukukwera, bwererani. Mukakapeza kali pouma, madzi akuphwa, ndipo kudikira ola lina kukupatsani mtsinje wofatsa. Kenaka ponyani chikuni pakati, muyende m'mbali mofanana nacho. Chikakusiyani m'mbuyo inu mukuyenda mwachangu, madziwo ndi othamanga kuposa miyendo yanu. Madzi othamanga akafika m'mawondo, ine sindiwoloka, ndipo sindichita nazo manyazi.

Ena mwa inu mukuseka, mukuti madzi a m'mawondo angagwetse bwanji mnyamata wosenza thumba la soya yekha. Tiyeni tiwerengere. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Madzi odzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu amalemera makilogalamu 1,000, kulemera kwa matumba 20 a chimanga. Liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mphamvu imene akukukankhira nayo imawirikiza kanayi. Komanso thupi likamalowa m'madzi limapepuka, mapazi sagwiranso pansi ngati pamtunda. A zanyengo ku America amachenjeza kuti madzi othamanga ozama masentimita 15 okha akhoza kugwetsa munthu wamkulu, a masentimita 30 amanyamula galimoto yaing'ono. Masentimita 15 ndi pamwamba pang'ono pa kakolo.

Mukaona kuti n'kotheka kuwoloka, sankhani malo. Pamene mtsinje wapapatiza pamakopa chifukwa tsidya lili pafupi, koma mpamene pali pozama ndi pothamanga. Funani potakata, pamene madzi akuchita timafunde pamiyala ing'onoing'ono. Pokhota pewanipo: mbali yakunja ya malo okhotawo madzi amakumba pansi pa gombe, pamwamba udzu uli bwinobwino koma kunsi kuli mphako, ndipo anyamata ambiri owedza amagwa ndi gombe lomwe anaimapo. Yang'ananinso kumunsi, mudzifunse kuti ndikaterereka ndikathera pati. Kukakhala mtengo wogwera m'madzi, mathithi kapena mapaipi a pansi pa msewu, sunthani. Mtengo wogwa umadutsitsa madzi koma munthu umamugwira n'kumukanikizira pansi.

Polowa, nkhope iyang'ane kumene madzi akuchokera. Ndodo muizike kutsogolo kwanu, kumtunda kwa madzi, muigwire ndi manja awiri n'kuitsamira. Mumve zimene ikukuuzani. Ikagunda mwala imalira m'manja, ikalowa mumchenga wolimba imaima, ikapeza matope kapena mchenga wofewa imangopita yokha osafuna kubwerera. Ikanjenjemera ngati wina akuikoka, madziwo ndi amphamvu kwambiri. Muziyenda cham'mbali, phazi limodzi likhwekhwerezeke kufuna pogwira, linzake litsate, miyendo isapingasane. Ndodo isunthe pokhapokha mapazi onse awiri ataima, phazi lisunthe pokhapokha ndodo itazikika. Maso akhale tsidya, chifukwa kuyang'anitsitsa madzi oyenda kumachititsa chizungulire. Majombo vulani, akadzaza madzi amasanduka miyala. Chikwama chapamsana chikhale pa phewa limodzi kuti mutha kuchitaya. Atsikana, chitenje chikwezeni n'kuchimanga bwino, chikanyowa chimakulunga miyendo. Ndipo mwana kumbuyo pamadzi othamanga, ayi. Mayi akaterereka, amene amayamba kumira ndi mwanayo, ndipo mfundo ya mbereko yonyowa simasuka. Chingwe m'chiuno musamange: madzi akakukokani, chingwe chimakuimikani pamalo amodzi mutu uli pansi.

Zikavuta mwakokoloka, musalimbane n'kuima. Phazi likalowa pakati pa miyala madzi amakugwetsani chafufumimba n'kukusungani momwemo. Gonani chagada, mapazi atsogole kumunsi ali pamwamba kuti azikankha miyala, manja azipalasa cham'mbali kulowera kugombe pang'onopang'ono. Katundu msiyeni apite. Njinga imagulidwa.

Tsopano za kumadambo, kumene ambiri a inu mumakasaka milamba ndi kutchera miono. M'dambo muli malo amene udzu ndi mizu zalukana n'kuyandama pamwamba pa matope akuya. Pamaoneka pobiriwira kuposa pena paliponse, ng'ombe zakale zimapazungulira. Mukapondapo pamagwedezeka mpaka patali ndi phazi lanu, ndipo madzi amatumphuka m'mbali. Kumeneko ndiye kuyenda pa ayezi kwathu. Pisani ndodo: ikaboola udzu n'kulowa yonse osapeza pansi, bwererani mmene munadzera, popeza kumbuyoko n'kumene kwakunyamulani kale. Asodzi a pa ayezi nawonso akagwera m'madzi amatembenukira kumene anachokera, n'kutuluka chokwawa ndi chogubuduzika osaimirira, kuti kulemera kwa thupi kumwazikane. M'matope ndi momwemo. Mukatitimira mpaka m'ntchafu musadumphedumphe. Gonekani ndodo chopingasa, mugone pamwamba pake, muzule mwendo umodzi pang'onopang'ono, kenaka unzake.

Madamu a m'maesiteti ndi a ulimi wothirira ali ndi msampha wina. M'mphepete mwake ndi motsetsereka, dongo lake loterera, ndipo masitepe awiri kuchokera pouma munthu wafika kale poposa msinkhu. Pamwamba madzi ndi ofunda ndi dzuwa, pansi ndi ozizira moti mwendo umakokana. Mbedza ikakodwa pa chitsa pakati pa damu, dulani chingwe. Ndaona maliro a mnyamata wodziwa kusambira amene analowera mbedza imodzi, mtengo wake wosafika ngakhale wa mandasi awiri. Anzake anali pomwepo, ankaganiza kuti akuchita masewera, chifukwa munthu womira sakuwa ngati m'mafilimu. Amangotukula mutu, kamwa ili pamadzi, manja akupalasa pansi, kanthawi kochepa basi.

Amene mumafika ku Bua, kumene mpasa amakwera kuchokera kunyanja kudzaswana, dziwani kuti mtsinje umenewo uli ndi eni ake. Ng'ona imaphunzira. Ikaona munthu akubwera pamalo amodzimodzi nthawi imodzimodzi, imamudikira. Musakhale pansi miyendo ili m'madzi, musatumbule nsomba pagombe pamene mumawedzapo, musaweramire madzi madzulo kapena usiku. Kumunsi mtsinjewu umalowa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira mu 2015. Mmenemo simolowa mwachisawawa, ndipo njovu zimene anazisamutsira kumeneko mu 2016 ndi 2017 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete zimamwa madzi omwewo. Za katupe ndi maukonde a udzudzu ndingonena mwachidule: malamulo a usodzi amaletsa, ndipo zimapha ndi ana a nsomba omwe. Mphenzi nayo musaiiwale. Munthu woima yekha pakati pa dambo atakweza mtengo wa mbedza ndiye chinthu chachitali kuposa zonse pamenepo. Bingu likagunda, nyamukani. Ndipo amene mumakhalitsa m'madzi odikha, mukaona magazi pokodza musabise, ndi likodzo, mankhwala ake alipo kuchipatala.

Makolo athu anali ndi madziwe amene ankaletsa ana kuyandikira, ankati muli mizimu. Ine sinditsutsana ndi akufa. Ndimangoona kuti madziwe amenewo nthawi zambiri ndi omwe aja ozama, a madzi ozungulira, a mphako pansi pa thanthwe. Chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi chathu chothamangira kunena kuti waponderezedwa ndi mfiti munthu amene anachoka ku kabwandire dzuwa litalowa, atamwa kachasu, n'kukalowa mumtsinje wodzaza. Mowa umachotsa mantha n'kusiya miyendo yofooka, ndipo palibe kusakaniza koipa pamadzi kuposa kumeneko. Anyamata a kabaza, inunso ndikukuonani. Pa timilatho totsika tija ta simenti, tomwe madzi amadutsa pamwamba, ndere zimaterera, ndipo simungadziwe ngati mbali ina yagumuka. Wokwera akakukakamizani kuti wachedwa, mtsitseni, mumubwezere ndalama yake.

Mnzanu akagwera m'madzi, mtima umati dumphira. Umo ndi mmene maliro amodzi amasandukira awiri, pakuti womira amagwira chilichonse n'kuchikwera, ngakhale ndi mbale wake. Kuwani kuti anthu abwere. Gonani pansi pagombe kuti asakukokereni, mumupatse ndodo ija, nthambi, kapena chitenje chopota. Akakhala patali mponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, cha malita 5 kapena 20. Chigubu chotere chimanyamula munthu, ndipo n'chifukwa chake ndimafuna kuti popita kukawedza muzitenga chimodzi chomangirira chingwe chachitali. Asodzi a pa ayezi sapita opanda chingwe ndi mnzawo, ndipo amayenda motalikirana kuti asagwere limodzi. Inunso muzipita awiri kapena atatu, ndipo kunyumba muzinena kumene mwalowera ndi nthawi yobwerera.

Mukamuvuula, zija zomuzondotsa kapena kumuponda pamimba kuti asanze madzi zisiyeni, zimangotaya nthawi ndi kumutsamwitsa. Mgonekeni chagada, mupendeketse mutu wake cham'mbuyo, muone ngati akupuma. Ngati sakupuma, mutsineni mphuno, mumuuzire mpweya m'kamwa mpaka chifuwa chikwere, kenaka dinikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira ka 30, mpweya kawiri, ka 30, mpweya kawiri, osaleka. Akayamba kupuma mgonekeni cham'mbali, mumuvule zonyowa, mumufunditse. Apite kuchipatala ngakhale akuti ali bwino, kaya ku Dowa, ku Ntchisi, ku Mponela kapena ku Madisi, chifukwa madzi amene alowa m'mapapo amatha kumuvutitsa patapita maola. A Red Cross akabwera kusukulu kapena kumudzi kudzaphunzitsa chithandizo choyamba, pitani mukagwire ndi manja anu, kuwerenga kokha sikukwanira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata, ndipo tsiku la 25 July linapatulidwa kuti dziko lizikumbukira nkhaniyi. Kuno tsikulo limadutsa tili kalikiliki kugulitsa soya ndi mtedza.

Chimene chimalowetsa anyamata m'madzi oopsa kawirikawiri ndi maso a anzawo. Wina wawoloka, waima tsidya akukuwa kuti ndiwe wamantha, atsikana akuonerera. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Amene wawolokayo ndi wamtali kuposa iwe, kapena wadutsa madzi asanakwere, kapena wangochita mwayi, ndipo mwayi wake sungaubwereke. Ana asukulu, mtsinje ukadzaza bwererani kunyumba. Aphunzitsi akakalipa, muwauze kuti agogo ndiwo aletsa, adzandipeze. Mukakhala tsidya madzulo, gonani kwa achibale kapena kwa amfumu, palibe mudzi wa Achewa umene ungakanize mwana malo ogona chifukwa cha mtsinje. Pemphani foni muimbe kunyumba kuti amayi anu asatuluke ndi tochi kukakufunani kudooko, poti nawonso akhoza kulowamo.

Kwatsala madzi amodzi amene sali kumtsinje kapena kudambo, ali pakhomo pomwe. Nkhuti zimene tinakumba poumba njerwa chaka chatha, maenje a miyala ndi dothi amene omanga misewu amasiya, zitsime zosavindikira za kudimba. Inu akuluakulu mumazidumpha osaganiza, koma mwana wa zaka ziwiri amamira m'madzi osafika ngakhale m'mawondo mwanu, mwakachetechete, mayi ake atangotembenuka kukapakula nsima. Azing'ono anu amakutsatirani kulikonse, ndipo mukamapita kukawedza yang'anani m'mbuyo ngati wina sakubwera chapatali. Loweruka lino bwerani ndi makasu ndi wilibala, tikakwirire nkhuti ija ili kuseri kwa khola mvula isanayambe. Chitsime cha kudimba tikachiikire mitengo pamwamba, ndadula kale ya bulugamu, ili pansi pa nkhokwe.